Linux ikuvuta magetsi akathima? Onani kaye izi musanathamangire kufomata

Mafoni omwe ndimalandira kuchokera m'malabu a masukulu, timaofesi ndi ma cafe, kuyambira Limbuli, Chitakale, Mulanje boma mpaka Luchenza ndi Thyolo, nkhani yake imangokhala imodzimodziyo. Magetsi anathima dzulo makina ali mkati mogwira ntchito, lero akukana kudzuka kapena adzuka koma akuchita zachilendo, ndiye wina wabwera kale ndi fulashi akuti tingofomata basi. Ayi abale, mavuto ambiri apa amatheka ndi makomandi awiri atatu, mafayilo onse ali pompo. Ndalemba motsata zomwe mukuona pa sikirini, ndipo pa vuto lililonse ndayamba ndi chomwe chimachitika kawirikawiri kumatsika kupita ku zapatalipatali. Makomandiwa ndi a Ubuntu, Linux Mint ndi Debian poti ambiri kuno tili pamenepo. Terminal, windo lolembera makomandi, imatseguka ndi Ctrl+Alt+T pa Ubuntu ndi Mint, pa Debian ifufuzeni pa mndandanda wa mapulogalamu.

1. Sikirini yakuda, pansi palembedwa (initramfs) kapena emergency mode

Ili nde vuto lalikulu kuno, makamaka nyengo ya mvula pomwe magetsi amangoti abwera apita.

*Choyamba, disiki inadulidwa ili mkati molemba.* Werengani mizere ili pamwamba pa sikirini, mupeza mawu oti "requires a manual fsck" (fsck ndi pulogalamu yofufuza ndi kukonza disiki) ndipo pamzere womwewo pali dzina la gawo lomwe lavuta, monga /dev/sda2 kapena /dev/nvme0n1p2, pa seva ya Ubuntu pena limakhala lalitali /dev/mapper/ubuntu--vg-ubuntu--lv. Koperani dzina lomwe lili pa sikirini yanuyo, osati langali.

- Lembani `fsck -y /dev/sda2`
- Isiyeni imalize, manambala ambirimbiri azidutsa koma musaope, komanso musazimitse
- Ikatha lembani `exit`, makina apitiriza kudzuka

Mafayilo ena akasowa pambuyo pake yang'anani mu foda ya /lost+found, fsck imaponya m'menemo zidutswa zomwe yatola. Koma chonde fsck musamaiyendetse pa gawo lomwe makina akuligwiritsa ntchito mutalowa kale bwinobwino, mungaononge zomwe zinali zabwino. Pa (initramfs) paja ndi pabwino chifukwa gawolo limakhala lisanatsegulidwe.

*Chachiwiri, /etc/fstab, fayilo ya mndandanda wa madisiki oti atsegulidwe makina akamadzuka, ikufuna disiki yomwe palibe.* Izi zimachitika wina akachotsa hard disk yakunja ya bakapu kupita nayo kunyumba. Makina amadikira mphindi imodzi ndi theka akulemba "A start job is running", kenako amagwera mu emergency mode. Dinani Enter (ikafunsa pasiwedi ya root, akaunti yolamulira makina onse, ilembeni), kenako:

- `mount -o remount,rw /`
- `blkid` kuti muone ma UUID (manambala ozindikiritsa disiki) a madisiki omwe alipodi
- `nano /etc/fstab`, mzere wa disiki yosowayo ikani # kumayambiriro kwake, kapena onjezerani `nofail` pa ma option ake kuti ulendo wina makina asamaime chifukwa cha iyo
- `reboot`

*Chachitatu, "No bootable device".* Yambani mwazula fulashi iliyonse yomwe yaiwalika kumbuyo. Zikapanda kutheka lowani mu BIOS muone ngati disiki ikuoneka komanso ngati ili koyamba pamndandanda. Pa desktop gwedezani chingwe cha SATA makina atazima, chimamasuka makamaka ngati ananyamulidwa pa kabaza.

*Chomaliza, disiki ikufa.* Ngati fsck mukuichita sabata iliyonse olo magetsi asanathime, ikani `smartmontools` mulembe `sudo smartctl -a /dev/sda`. Yang'anani Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector, nambala ya kumapeto kwa mzere ikakhala yoposa 0 ndipo ikukwera tsiku ndi tsiku, disiki ili paulendo.

Imani apa muitane katswiri ngati disiki ikumveka kuti tiki tiki tiki, kapena sikirini yadzaza ndi "I/O error". Zimitsani pompo. Kuyatsayatsa mobwereza komanso fsck pa disiki yotere kumangomaliza zomwe zikanapulumuka.

Kapewedwe kake mukukadziwa kale kungoti timakazemba chifukwa cha mtengo: UPS, kabokosi ka batire kosunga makina chiyakire magetsi akathima. Koma UPS ya batire lakufa ndi chokongoletsa chabe, iyeseni pozula pulagi kukhoma makina ali chiyakire opanda ntchito yofunika, ikathima nthawi yomweyo sinthani batire. Ndipo ziphaliwali zikayamba kuphiri kuja zulani zonse kukhoma kuphatikizapo chingwe cha netiweki, kuzimitsa pa switch kokha sikokwanira.

2. apt ikukana kuika kapena kukonza mapulogalamu

apt ndi komandi yoikira mapulogalamu ndi ma update. Werengani uthenga womwe yalemba bwinobwino, uliwonse uli ndi mankhwala akeake.

- "Could not get lock /var/lib/dpkg/lock-frontend". Nthawi zambiri palibe chavuta, ndi unattended-upgrades ikuika zachitetezo kumbuyo mutangoyatsa makina. `ps aux | grep -i apt` ikuonetsani. Dikirani, pa netiweki yathuyi zimatha kutenga nthawi. Pa intaneti mupeza anthu akuti fufutani fayilo ya lock, musatero pomwe apt ina ikuyenda, mukatero nde mwadzipangira vuto lachiwirili.
- "dpkg was interrupted". Magetsi anathima update ili pakati. `sudo dpkg --configure -a` kenako `sudo apt --fix-broken install`. Basi.
- "Release file is not valid yet". Wotchi ya makina yabwerera mmbuyo. Lembani `timedatectl` muone tsiku. Konzani ndi `sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre` ndi `sudo timedatectl set-ntp true` muli pa intaneti. Tsiku likamasokonekera nthawi iliyonse mukazula pulagi ndi kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032, ka 3 volts, kosavuta kusintha. Wotchi yolakwikayi ndi yomwenso imachititsa kuti browser izikana mawebusayiti onse kumati certificate siili bwino, anthu nkumayesa kachilombo.
- "Hash Sum mismatch". Netiweki inaduka ikudawuniloda mndandanda. `sudo rm -rf /var/lib/apt/lists/*` kenako `sudo apt update`. Komandi imeneyi ilembeni mosamala chilembo ndi chilembo, mpata umodzi wolakwika ukhoza kusesa disiki yonse.
- 404 Not Found pa mizere yonse. Version yanu inatha nthawi. Onani ndi `lsb_release -a`. Ubuntu ya LTS (version yosamalidwa nthawi yaitali) imasamalidwa zaka 5, zinazo miyezi 9 yokha. Ya 20.04 chithandizo chake chanthawi zonse chinatha mu May 2025, ya 22.04 ifika 2027, ya 24.04 ifika 2029. Pa makina a ofesi kapena sukulu musaike version yosakhala LTS, mudzavutika nayo chaka chisanathe.

Kankhani kena ka wotchi: makina okhala ndi Windows ndi Linux pamodzi amasemphana ndi maola awiri ndendende mukachoka uku kupita uku, chifukwa Linux imasunga UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, pomwe ife tili patsogolo ndi maola 2. `sudo timedatectl set-local-rtc 1` imathetsa mkanganowo.

Kukweza version yonse ya seva yomwe ili ndi zolemba za ana asukulu kapena malipiro a antchito musakuchite nokha opanda bakapu yoyesedwa komanso magetsi odalirika.

3. Mukulemba pasiwedi yolondola koma ikukubwezani pa sikirini yomweyo

Sikirini imathima kanthawi nkubwereranso polowera. Pafupifupi nthawi zonse disiki yadzaza. Dinani Ctrl+Alt+F3, lowani ndi dzina ndi pasiwedi (polemba pasiwedi sipaoneka kanthu, ndi mmene zimakhalira, ingolembani nkudina Enter), kenako `df -h`. Mzere wa / ukaonetsa 100% mwachipeza. Kuti mudziwe chadya malo:

`sudo du -xh / --max-depth=2 | sort -h | tail -20`

Zomwe zimapezeka, kuyambira yofala:

- Mafilimu ndi nyimbo mu /home, mu labu ya sukulu musakayike nkomwe. Onaninso ~/.local/share/Trash chifukwa anthu amafufuta osakhuthula bini.
- Ma log otupa. Pali makina ena ku Luchenza omwe /var/log/syslog yokha inameza disiki yonse chifukwa ka Wi-Fi adapter ka USB kankalemba mzere umodzimodzi wodandaula usana ndi usiku. Musanafufute onani kaye `tail /var/log/syslog` mudziwe chikudandaula nchiyani, apo ayi mawa yadzazanso. Kenako `sudo truncate -s 0 /var/log/syslog` ndi `sudo journalctl --vacuum-size=200M`.
- Pa Mint, ma snapshot a Timeshift (makope a system obwezera zinthu zikavuta) osungidwa pa disiki yomweyo. Chepetsani chiwerengero chake.
- Zotsalira za apt ndi ma kernel akale: `sudo apt clean` ndi `sudo apt autoremove --purge`. Izi zimathandizanso /boot ikadzaza.

Malo akakhala alipo ambiri koma ikubwezabe, onani `ls -l ~/.Xauthority`. Mwini wake akakhala root ndiye wina anatsegula pulogalamu ya mawindo ndi sudo, bwezani ndi `sudo chown $USER:$USER ~/.Xauthority`. Chapatali kwambiri ndi pomwe `df -h` ikuonetsa malo koma makina akunenabe "No space left on device", apo yesani `df -i`, timafayilo ting'onoting'ono tachuluka mopyola.

Chomwe simukuchidziwa mu /var/lib, /usr kapena /etc musachikhudze olo chikhale chachikulu bwanji. Mu /var/lib/mysql ndi momwe mumakhala database yonse. Ndipo aliyense wokuuzani kuti `chmod -R 777` ithetsa vuto la permission musamumvere, imatsegulira aliyense chilichonse ndipo ikagwera pa /etc kapena /usr ngakhale sudo yeniyeniyo imasiya kugwira.

4. Bandulo ikutha musanayambe nkomwe ntchito

Pa Ubuntu wokayikiridwa woyamba ndi snap, njira ina yoikira mapulogalamu, imafufuza zatsopano kanayi patsiku ndipo Firefox yokha ndi yolemera ndithu. Auzeni makina kuti netiwekiyi ndi yogula: `nmcli connection show` muone dzina lake, kenako `nmcli connection modify "dzinalo" connection.metered yes` ndi `sudo snap set system refresh.metered=hold`. Kuti muone pulogalamu yomwe ikudya panopa ikani `nethogs`. Labu ya makompyuta ambiri ikani `apt-cacher-ng` pa imodzi, enawo azitenga kwa iyo pa port 3142, osati aliyense kudawuniloda chinthu chomwechomwecho payekha. Koma musatseke ma update mpaka kalekale, sankhani tsiku limodzi pa sabata, gulani bandulo yausiku muchite `sudo apt update && sudo apt upgrade`.

Intaneti ikakana kotheratu: `ping 8.8.8.8` ikayankha koma `ping google.com` ikukana ndi DNS (yomasulira maina a mawebusayiti kukhala IP), zimitsani rauta nkuyatsanso. Zonse zikakana onani bandulo kaye musanavutitse makina. Wi-Fi ikasowa pa laputopu `rfkill list`, mwina wina anadina batani la ndege.

5. SSH (yolowera mu seva muli pa kompyuta ina) sikulowa

- "Connection timed out" kapena "No route to host". Rauta inazima ndi magetsi ndiye yagawa ma IP atsopano. Pitani pa sevayo mulembe `ip a`. Kuti zisabwerezeke isungireni IP yakeyake mu rauta. Ngati IP sinasinthe, vuto lingakhale firewall (mlonda wotsekereza olowa kudzera pa netiweki, komandi yake ndi ufw), onani ndi `sudo ufw status`.
- "Connection refused". Makina alipo koma palibe akumvetsera pa port 22, khomo la SSH. `sudo ss -tlnp | grep :22` ikabwera yopanda kanthu, `sudo apt install openssh-server` kapena `sudo systemctl restart ssh`. Ikakana kudzuka `sudo sshd -t` ikuuzani mzere womwe munalakwitsa mu sshd_config.
- "Permission denied (publickey)". Mwalakwitsa dzina lolowera, kapena ma permission atakasuka. Pa seva `chmod 700 ~/.ssh` ndi `chmod 600 ~/.ssh/authorized_keys`.
- "REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED". Ngati munaikanso system kapena IP imeneyo yapita kwa makina ena, `ssh-keygen -R` ndi IP yakeyo. Ngati palibe chomwe munasintha musalowe, fufuzani kaye.

Ndi ufw dongosolo lake ndi ili: `sudo ufw allow OpenSSH` kaye, `sudo ufw enable` pambuyo. Mukatembenuza muli kutali mwadzitsekera panja, seva ili ku Thyolo inu muli ku Muloza, ikhala nkhani ya minibasi. Posintha chilichonse cha SSH siyani windo limodzi lili cholowa, yesani ndi lachiwiri, likalowa nde mutseke loyambalo.

6. Makina akuchedwa, fani ikulira osapuma

Anthu amathamangira kunena kuti atibera, koma yambani ndi zapafupi.

1. Fumbi ndi kutentha. Ikani `lm-sensors` mulembe `sensors`, purosesa ikamasewera m'ma 90 digiri tsegulani bokosi mutazula kukhoma. Muzipeza fumbi la mumsewu litagwirana ndi chinyezi cha chiperoni mpaka kukhala ngati kansalu pa fani, pena mphemvu kapena nalimata wouma pafupi ndi power supply. Pukutani ndi burashi youma, madzi ayi.
2. RAM yatha. `free -h`. Makina a 4GB ndi ma tab ambirimbiri a browser sagwirizana, tsekani ena kapena ikani Xubuntu kapena Mint Xfce.
3. Disiki ikufa, bwererani ku smartctl ija.
4. Mwalowa munthu.

Chachinayichi ndichedwepo pang'ono. Kompyuta yomwe ili kuseri kwa MiFi kapena hotspot ya foni nthawi zambiri siifikika kuchokera kunja. Zomwe zili pangozi ndi VPS yomwe munabwereka kunja yosungira webusayiti, kapena seva yomwe munaitsegulira port pa rauta. Imeneyo ikangoyaka, maloboti a pa intaneti amayamba kuyesa root, admin, test ndi mapasiwedi ngati 123456 osatopa. Onani nokha ndi `sudo lastb | head -20`, mudabwa. Kuyesa kokhako sikoopsa, choopsa ndi yemwe analowadi:

- `last` komanso `sudo grep Accepted /var/log/auth.log` (pa Debian 12 gwiritsani `sudo journalctl -u ssh | grep Accepted`), yang'anani IP kapena ola lomwe simukulidziwa
- `top`, pulogalamu ya dzina lachilendo ngati xmrig kapena kdevtmpfsi itagwira purosesa yonse ndi yokumba ndalama za crypto pa magetsi anu
- `sudo crontab -l` ndi `ls /etc/cron.d`, mzere wokhala ndi curl kapena wget wopita ku adiresi yosadziwika
- `awk -F: '$3==0' /etc/passwd` iyenera kutulutsa root yekha
- `cat ~/.ssh/authorized_keys` ndi ya root yomwe, kiyi yomwe simunaike inu

Mukapeza chimodzi mwa izi, kupha pulogalamuyo ndi `kill` kuli ngati kuthyola nsonga za tiyi, pakapita masiku yaphukanso, chifukwa amakhala atabisa njira zingapo zobwererera. Zulani chingwe cha netiweki, musafufute kanthu, sinthani mapasiwedi a imelo ndi zina zonse kuchokera pa makina ena, muitane katswiri. Apa pokha nde pomwe ndimavomereza kuikanso system yatsopano, kubwezeramo mafayilo a ntchito okha osati mapulogalamu. Ngati munali zambiri za anthu monga odwala, ana asukulu kapena makasitomala, auzeni akuluakulu tsiku lomwelo. Kulowa mu kompyuta ya eni popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo ku MACRA kuli gulu la Malawi CERT loona nkhani zoterezi, ma log amenewo ndi umboni.

Kutseka chitseko zisanachitike: lowani ndi kiyi (`ssh-keygen -t ed25519` kenako `ssh-copy-id`), mukatsimikiza kuti kiyi ikulowa ikani `PasswordAuthentication no` ndi `PermitRootLogin no`, muonenso mu /etc/ssh/sshd_config.d/ poti fayilo ya m'menemo imatha kuposa zomwe mwalemba. Onjezani `fail2ban`, yotsekera panja olakwitsa pasiwedi mobwerezabwereza.

Komatu kunena zoona, m'maofesi mwathu muno wolowerera weniweni sachokera kunja. Ndi kapepala ka pasiwedi komatidwa pansi pa kiyibodi, akaunti imodzi ya sudo yomwe aliyense mpaka wa intenshipu akuidziwa, ndi mnzathu uja anasiya ntchito chaka chatha koma akaunti yake ikadali yamoyo. `getent group sudo` ikuonetsani omwe ali ndi mphamvu. Wosayenera mchotseni ndi `sudo deluser dzina sudo`, wochoka mtsekeni ndi `sudo passwd -l dzina` ndipo muchotsenso kiyi yake mu authorized_keys chifukwa loko wa pasiwedi satseka kiyi. Ana asukulu ndi makasitomala a cafe apatseni akaunti wamba.

Poitana katswiri

Kuonjezera pa zomwe ndatchula kale, musalimbane nazo nokha ngati:

- mwamva fungo lakupsa kapena makina analowa madzi, musayatse olo kuyesa
- disiki ili ndi encryption ndipo mawu otsegulira aiwalika, kapena ndi RAID (madisiki angapo ogwira ntchito ngati imodzi) yomwe disiki imodzi yagwa
- mwafufuta foda yofunika mwangozi, zimitsani nthawi yomweyo musasungeponso kanthu
- palibe bakapu ina iliyonse ndipo komandi yomwe mukufuna kulemba simukuimvetsa

Jambulani sikirini ndi foni mawu onse aoneke, nenani chomwe chinachitika komaliza makina asanavute ndi makomandi omwe mwayesa kale, `history` ikukumbutsani. Muuzeni ayambe wakopera mafayilo pa disiki ina asanakhudze china chilichonse, ndipo ngati munamupatsa pasiwedi isintheni ndi `passwd` akangomaliza ntchito.